Chisoti Chachinayi

Choyamba ndinachiluka uli m'mimba,
ndi ulusi wachikasu wotsala pa juzi ya aphunzitsi,
chifukwa kuno ku Lizulu mu Juni
mphepo sifunsa kuti mwana ali ndi masiku angati.

Chinakukwana sabata zitatu.

Kenaka kunabwera kutentha thupi kuja,
khosi lako gwa, ngati phesi la chimanga,
masiku khumi mu wodi ya ana ku Ntcheu,
jakisoni m'mawa, jakisoni usiku.
Tinatuluka tikuyimba. Tinkati zatha.

Chachiwiri chinali chobiriwira.
Ndinawonjezera timfundo khumi ndikuseka:
mutu wakwanu uwu, bambo a Sekerani, mutu wa masamu.
Poluka chachitatu sindinaseke.

Liwombo lako, lija linkagunda pansi pa chala changa
ngati kakhosi ka chule,
linatukumuka, n'kulimba ngati ng'oma yowambidwa pamoto.
Mitsempha inatuluka pamphumi.
Maso ako anayamba kumira kuseri kwa zikope zam'munsi
monga limachitira dzuwa tsidya la msewu, ku Mozambiki,
koma masana, Sekerani, masanasana.

Kumsika amayi a kabichi anasiya kunena kuti timuone mwana.
Wina anati ndinadya mazira ndili woyembekezera.
Wina anati ndikafunse bwino apongozi.

A Mlauzi, dokotala wamfupi wa bolopeni yotafunidwa,
sanafunse za mazira.
Anakukulunga tepi pamwamba pa makutu,
nalemba m'buku lako la kusikelo,
kadontho kako n'kukatera pamwamba pa mizere yonse,
kokhakokha, ngati khwangwala pa waya wa magetsi.
Kenaka anatembenuza pepala, najambula.

"Mutu uliwonse uli ndi madzi, mayi, wanu, wanganso.
M'kati mwa ubongo muli tizipinda tinayi,
ndipo akasupe ake sapuma, ngakhale Lamulungu.
Madziwo amatsika pa kanjira kopapatiza ngati udzu,
natsuka ubongo ndi msana, magazi n'kuwamwa.
Matenda aja anapita, koma anasiya chipsera pakhomo.
Kasupe sakudziwa. Akungotumphuka.
Tizipinda tikufufuma, ubongo ukupanikizidwira kukhoma,
ndipo poti mafupa a khanda sanagwirane,
akutayana kuti apereke malo."

Bambo ako, amene sanayankhule chichokere kunyumba,
anavula kapusi.
"Ngati ngalande ya kudimba ikatsekeka ndi zinyalala," anatero,
"mbatatesi zakumtunda zimawola."
"Eya," anatero a Mlauzi. "Ndiye tikumba ngalande ina."

Ngalandeyo ndi kapaipi kowonda, kofewa.
Anakakuika ku Blantyre
titadikira sabata zisanu, ine ndikugona pansi pa bedi lako.
Kamayambira kuseri kwa khutu,
kutsika m'khosi, kudutsa pachifuwa pansi pa khungu,
kukathira m'mimba.
Ndikamakusambitsa ndimakamva ndi chala,
ndimakalondola mpaka kumapeto
ngati wosochera amene wapeza njanji.

Anandichenjeza kuti kangathe kutsekeka,
kangathe kulowa tizilombo.
Ukasanza kawiri, ukagona tulo tosadzutsika,
ndisadikire kuti kuche.
Ndalama ya minibasi ndinaimanga pa ngodya ya chitenje chakale.
Mchere uthe, sopo athe, imeneyo simasulidwa.

Sindikudziwa ngati udzayenda.
A Mlauzi nawonso sakudziwa, ndipo sanandinamize.
Koma dzulo unatsata nkhuku ndi maso,
maso athunthu, kakuda kali pakati,
kuchokera pa nkhokwe mpaka pa mulu wa njerwa,
ndipo bambo ako anaibweza nkhukuyo katatu
kuti aonenso.

Chachinayi n'chofiira.
Uno ndi mwezi wachitatu chikukukwana.
Madzulo aliwonse ndimakuvula,
ndimachiika kufupi ndi nyali, n'kuwerenga timfundo,
mwina ulusi watanuka, mwina ukundinamiza.
Ndimawerenga kawiri,
n'kukuvekanso.